Dzenje lili ku Cullinan, mwala uli ku London

Lachinayi, Pretoria

Ndafika bwino, abale. Ndege yopita ku London, komwe mwana wanga wamkazi akukalandira digiri, inyamuka Lamlungu usiku, ndiye achemwali anga anakanitsitsa zoti ndingodutsa pa Johannesburg osaponda pakhomo pawo. Alamu anadzanditenga pabwalo la ndege ndi galimoto yawo ya ntchito, kumbuyo kuli zitsulo ndi makina owotcherera, ulendo wa ku Mamelodi, kum'mawa kwa Pretoria.

Nyengo ino mzinda wonse wavala jakaranda, maluwa achita kuyala m'misewu. Masana mwana wa achemwali, mnyamata wobadwira konkuno amene Chichewa chake chimatsimphina koma pakamwa sipatopa, wanditengera ku Union Buildings, komwe kuli maofesi a pulezidenti. Aliyense kumeneko amathamangira chifanizo cha Mandela, chija chotambasula manja, cha mamita 9, chomwe anachiimika mu Disembala 2013. Nafenso tajambulitsa. Koma kumunsi kwa kapinga kuli china chimene alendo ambiri amangochilambalala: mzungu wakwera hatchi. Ndi Louis Botha, mkulu wa asilikali a Maburu pa nkhondo yawo ndi Angelezi ya 1899 mpaka 1902, amene anadzakhala nduna yaikulu yoyamba ya South Africa mu 1910.

"Amalume, mumuone bwino ameneyu," watero mnyamatayo. "Ndi amene anatenga mwala wathu wa dayamondi n'kukaupereka kwa mfumu ya ku England. Mawa ndikakuonetsani pomwe unachoka. Komwe uli mukadzionera nokha sabata yamawa."

Lachisanu, Cullinan

Kuchoka ku Mamelodi kukafika ku Cullinan sipakwana ola. Ndi katauni kakang'ono, kaukhondo, kodziwika ndi msewu umodzi, Oak Avenue, wa mitengo ikuluikulu uku ndi uku ndi tinyumba tamiyala tofolera malata momwe kale munkakhala azungu a pamgodi. Lero tambiri ndi malo odyera ndi masitolo a zinthu zamakedzana. Nyumba ya William McHardy, manijala wamkulu woyamba wa mgodiwu, anaisandutsa myuziyamu.

Wotiyendetsa anali bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito pansi pa nthaka. Watigawira zipewa zolimba, n'kuyang'ana kumapazi kwa aliyense. Mayi wina wovala masilipasi wabwezedwa kuti akasinthe. Kenako mbiri. Malowa inali famu yotchedwa Elandsfontein, ya banja la Prinsloo. Thomas Cullinan, womanga nyumba ku Johannesburg, anaigula mu 1902 nkhondo itangotha, ndipo mgodi anautcha Premier. Dzina la mwini wakeyo linapita kwa tauni, kwa mwala, ndipo kuyambira 2003 kwa mgodi womwe.

Pa 26 Januwale 1905, Frederick Wells, woyang'anira ntchito za pamwamba, akuyendera dzenje lomwe panthawiyo linali lisanazame, anaona chinthu chikuthwanima pakhoma, mamita opitirira pang'ono 5 kuchokera pamwamba. Atachigoba, sikelo inawerenga makarati 3,106. Karati imodzi ndi magalamu 0.2, kotero mwalawo unkalemera magalamu 621, kutalika kwake masentimita 10. Atipatsa wagalasi wofanana nawo kuti tizipatsirana. Umadzaza dzanja lonse, zala osakumana. Sukongola ayi, ndi chibenthu chabe chopanda maonekedwe, koma mbali zina n'zosalala kwambiri moti akatswiri a nthawiyo anaganiza kuti unagamphuka ku mwala wina wokulirapo. "Chotsalacho tikuchifunabe," atero bambo aja. Anthu aseka, ngakhale zinkaoneka kuti nthabwalayi amainena gulu lililonse.

Mpaka lero sipanapezeke dayamondi wokongoletsera woposa ameneyu. Amene anayandikira ndi wa ku Karowe, ku Botswana, wa makarati 2,492, uja anamunyamula Pulezidenti Masisi pamaso pa atolankhani mu Ogasiti 2024. Akuperewerabe ndi makarati oposa 600.

Ndiye dzenje. Ine ndaphunzitsa jogalafe moyo wanga wonse, ndajambula mgodi woterewu pa bolodi ndi choko kosawerengeka, koma nditafika pa chitsulo chotchinga paja mawondo anafooka. Kutalika pafupifupi kilomita, m'lifupi theka lake, makoma otsetsereka amtundu wa phulusa, ena ogumuka, pansi posaoneka bwino. Mbalame zimauluka kumunsi kwa mapazi ako. Dzenje lotchuka la ku Kimberley limachepa poyerekeza ndi ili. Mkati mwake simukumbidwanso. Ntchito ili pansi pake, komwe amaboola mipata n'kusiya mwala kuti uzigumuka wokha ndi kulemera kwake, iwo n'kumakokera kunsi.

Chimene akhala akudya zaka zonsezi ndi mwala wotchedwa kimberlite, umene unakwera kuchokera pansi penipeni pa dziko chiphala chitaphulika zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo. Dayamondi sapangidwa mu kimberlite, amangotengedwa panjira. Iye ndi kaboni wopanikizidwa ndi kutentha komanso kulemera kwa pansi pa makilomita mazanamazana. Pakasakanikira kachinthu kotchedwa boron pang'ono amatuluka wabuluu, ndipo mgodi uno ndi wotchuka padziko lonse chifukwa cha abuluuwo. Muno ndi momwenso munatuluka Golden Jubilee mu 1985, wofiirira, amene atasemedwa anatsala makarati 545 ndipo ali m'chuma cha mfumu ya ku Thailand. Miyala ya dzenje lino ikuoneka kuti imakonda mafumu. Kampani ya De Beers inagulitsa mgodiwu mu 2008 kwa Petra Diamonds ndi anzake.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi tebulo lakale la girisi. Ankapaka girisi pa tebulo lopendekeka, n'kumathirapo miyala yophwanya pamodzi ndi madzi. Miyala wamba imanyowa n'kutsetsereka, koma dayamondi sagwira madzi, ndiye amamatirira pa girisi. Nzeru yophweka chonchi ndi imene inalemeretsa anthu. Masiku ano amasankha ndi X-ray.

Za akapitawo, za McHardy, za Wells, tamva zambiri. Za anthu zikwizikwi amene anachotsa dothi lonselo ndi mapiki ndi mafosholo, tangouzidwa mwachidule kuti ankagona m'makomponi. M'migodi ya dayamondi makomponiwo ankakhala otseka: munthu wakuda akalowa sankatuluka mpaka kontarakiti itatha, ndipo potuluka ankamusecha thupi lonse kuopa kuti wameza kamwala. Pobwerera mnyamata uja wadzera dala ku Refilwe, lokeshoni yoyandikana ndi mgodi. Sipatali ndi Oak Avenue, koma mitengo ya mthunzi ija sinafikeko. Anyamata ali chiimire m'makona, masana a tsiku la ntchito.

Loweruka, Mamelodi

Lero sitinapite kulikonse. Alamu awotcha nyama, kwabwera anzawo awiri a kwathu, ndipo nkhani ya mwala yatenga tsiku lonse.

Mnyamata uja mawu ake ndi amodzi: anaba, abweze. Iye anasaina nawo chikalata cha pa intaneti chofuna kuti mwalawo ubwerere, chimodzi mwa zija zinabuka Mfumukazi Elizabeth itamwalira mu Seputembala 2022, anthu ataona ndodo yachifumu ndi chisoti, momwe muli zibenthu za mwalawo, zili pamwamba pa bokosi la maliro. Bambo ake sakugwirizana naye. "Mwala sadya, iwe," atero akutembenuza nyama. "Ukabwera ukalowa m'sefa ya akuluakulu, sudzauonanso ngakhale pa TV. Ukatsegulire anthu a ku Refilwe ntchito, ndiye ndikusainira."

Andifunsa ine monga mphunzitsi. Ndati pa pepala sunabedwe, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imawawa kwambiri. Mwalawo unakhala ku London zaka ziwiri wopanda wougula. Unali waukulu mopitirira thumba la aliyense. Mu 1907 boma la Transvaal, dera la atsamunda momwe munali mgodiwo, Botha ali nduna yaikulu, linaugula ndi mapaundi 150,000. Nyumba ya malamulo inavota, 42 kuvomera, 19 kukana, ndipo chodabwitsa n'choti ovomerawo ambiri anali Maburu, amene zaka zisanu m'mbuyomo ankawomberana ndi asilikali a mfumu yomweyo, pamene okana anali a chipani cha Angelezi. Ku London nako anazengereza. Winston Churchill, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa nduna yoona za maiko a atsamunda, ndi mmodzi mwa amene analimbikitsa kuti mfumu ilandire. Edward VII anaulandira pa 9 Novembala 1907 ku Sandringham, tsiku limene ankakwanitsa zaka 66. Ndalama zina boma linazipezanso kudzera pa msonkho, poti linkatenga magawo 60 pa 100 a phindu la mgodi.

Zonse mwadongosolo, malisiti alipo. Koma nyumba ya malamuloyo inasankhidwa ndi amuna achizungu okhaokha. Wakuda analibe voti, ngakhale amene ankakumba. Ine ndimauona mwalawu ngati chikole: Maburu ndi Angelezi ankafunsirana ukwati nkhondo itatha, ndipo chikolecho anachitola m'munda wa eni ake osawafunsa. Ukwati unachitikadi mu 1910, maiko anayi atagwirizana kukhala South Africa. Patangopita zaka zitatu, mu 1913, panabadwa lamulo la malo lomwe linasiyira anthu akuda pafupifupi magawo 7 okha pa 100 a dziko lawo.

Mmodzi mwa alendo aja wafunsa kuti nanga ife a ku Malawi zikutikhudza pati. Ndamukumbutsa kuti Edward VII yemweyo anali mfumu yathunso, ndipo chaka chomwecho cha 1907 ndi chimene dziko lathu analisintha dzina kuchoka pa British Central Africa kukhala Nyasaland. Alamu awonjezera zawo. Bambo awo anabwera kuno pa Wenela, ku migodi ya golide, n'kubwerera ndi sutikesi yachitsulo, jekete ndi chifuwa chosatha. Anali m'gulu la omaliza ndege ya Wenela isanagwe ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. "Pansi pa dziko lino pali mafupa athu ambiri," atero alamu. Apa mnyamata uja sanayankhe. Achemwali atulutsa nsima, nkhani n'kutembenukira ku mitengo ya feteleza kumudzi.

Lamlungu, pabwalo la ndege

Ndikulemba ndikudikira kukwera. Achemwali andikulungitsa sutikesi ndi pulasitiki mpaka yachita kunyezimira, mkati muli ufa, usipa wouma ndi chitenje cha mwana. Kaya akandilola kulowa nazo zonse, tikaona konko.

Mwala uja unayenda ulendo womwewu mu 1905, koma mwaukathyali. Utaonetsedwa kwa anthu ku Standard Bank ku Johannesburg, anaulengeza kuti ukwera sitima yapamadzi. Phukusi linatsekeredwa m'sefa ya kaputeni, apolisi akulilondera usana ndi usiku. Munali mwala wabodza. Weniweni anauika m'kabokosi wamba n'kuutumiza pa positi, pa rejisitala. Ndinauza zimenezi alamu m'galimoto, iwo anati positi ya masiku amenewo inali ina.

Lolemba, London

Kuzizira. Usipa wadutsa. Mwana wanga wanenepa pang'ono ndipo akuyenda mothamanga ngati eni dziko. Ndagona masana onse. Wagula kale matikiti a mawa pa intaneti; mtengo wake wakana kundiuza, akuti ndikausintha m'makwacha sindigona.

Lachiwiri, Tower of London

Tatsika sitima ya pansi pa Tower Hill m'mawa, zipata zisanatsegulidwe. "Adadi, makwangwala ndi nsanja tiona pambuyo," watero mwana. "Tithamangire kaye ku miyala mzere usanatalike." Anali ndi nzeru, chifukwa potuluka tapeza mzere wazungulira bwalo.

Malowa ndi linga lakale m'mphepete mwa mtsinje wa Thames. Nsanja yapakati, White Tower, anayamba kuimanga William the Conqueror m'zaka za m'ma 1070. Zachifumu zimasungidwa m'nyumba ina yaitali, msilikali wa chipewa chaubweya ali chilili pakhomo. Kujambula n'koletsedwa, ndipo sakuseka nazo.

Usanafike pa zisoti umadutsa m'zipinda zamdima momwe akufotokoza komwe miyala ina inachokera. Chionetsero chimenechi anachikonzanso mu 2023, ndipo ndiyenera kuwayamikira: za Koh-i-Noor, dayamondi wotchuka wa ku India, sakubisa kuti unachoka m'manja mwa Duleep Singh, mfumu ya ku Punjab ya zaka 10, Angelezi atalanda dziko lake mu 1849. Banja lina la amwenye linaima pamenepo nthawi yaitali, agogo awo akulankhula motsitsa koma chala chikugwedezeka.

Ine ndinakodwa pa kabokosi kagalasi momwe muli hamala ndi mpeni wachitsulo wobuntha. Zida wamba, zoti ukazipeza m'shedi mwa alamu sungazitole. Ndi zimene Joseph Asscher, katswiri wosema dayamondi, anagamphulira mwala uja ku Amsterdam mu Febuluwale 1908. Popita kumeneko anabwerezanso ukathyali uja: sitima yankhondo inanyamula bokosi lopanda kanthu, mwala uli m'thumba la jasi la mbale wake, Abraham Asscher. Dayamondi, ngakhale ndi wolimba kuposa mwala uliwonse, ali ndi mizere yake imene amang'ambikira ukamumenya molondola. Anatha milungu akuuyang'anitsitsa, n'kusema kamphako kolowetsapo mpeni. Atamenya koyamba, unathyoka ndi mpeni. Anabwereza ndi zida zolimbirapo, mwala n'kugawika pomwe ankafuna. Kusema ndi kupukuta kunatenga miyezi 8, amisiri atatu akugwira maola 14 pa tsiku. Panatuluka miyala ikuluikulu 9 ndi ing'onoing'ono 96. Mukaphatikiza yonse imangopitirira pang'ono makarati 1,060. Ndiye kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a chimene ndinagwira chifanizo chake Lachisanu anatha ngati fumbi ku Amsterdam.

Kenako zitseko zachitsulo zochindikala, ndi lamba woyenda pansi. Suyenda wekha, umaima, lamba n'kumakudutsitsa pambali pa magalasi kuti anthu asaunjikane. Ndodo yachifumu yagona chopendekera. Ndi yagolide, ya mu 1661, yomwe anaisula pokonzekera kuveka ufumu Charles II zakale zitasungunulidwa nthawi ya Cromwell, ufumu utathetsedwa ku England. Mu 1910 anaikonzanso kumutu kuti mwala ukhalepo. Cullinan I, Great Star of Africa: makarati 530, nkhope 74, wosongoka kumunsi, wosakwana masentimita 6. Alibe mtundu uliwonse. Lamba akamakusuntha, kuwala kumadumpha kuchoka pa nkhope ina kupita pa ina, koyera, kenako kabuluu, kenako kofiira, ndipo usanamvetse chimene waona wafika kale pa chisoti china. Ndinazungulira kukakweranso mbali inayo. Mlonda anangomwetulira, zikuoneka kuti ambiri amatero.

Ndinene zoona: ndi wokongola koopsa. Ndinabwera ndi mkwiyo wa mwana wa achemwali m'thumba, koma pamphindi imeneyo ndinangoti kukamwa yasa ngati wina aliyense. Palibe dayamondi woyera wosemedwa woposa ameneyu padziko.

Mng'ono wake, Cullinan II, wa makarati 317, ali kutsogolo kwa Imperial State Crown, chisoti chimene mfumu imavala potsegulira nyumba ya malamulo, pansi pa mwala wofiira wotchedwa Black Prince's Ruby. Chisoticho chili ndi madayamondi 2,868, koma diso limangopita pa iyeyo.

Inayo 7 ili ndi nkhani imene mnyamata wa ku Mamelodi sakuidziwa, ndipo ndikamuuza adzalumpha. Yambiri inatsala kwa a Asscher ngati malipiro a ntchito yawo. Boma la South Africa linapita kukaigula, n'kuipereka kwa Mfumukazi Mary, agogo ake a Elizabeth, mu 1910. Mwala umodzi, kugula kawiri, kupereka kawiri. Wachitatu ndi wachinayi, wa makarati 94 ndi 63, Elizabeth ankaivala pachifuwa n'kumaitcha tizibenthu ta agogo. Pa 6 Meyi 2023, poveka ufumu Charles III, mkazi wake Camilla anavala chisoti cha Mary chopanda Koh-i-Noor, anthu ambiri n'kuona kuti akupewa kukwiyitsa India. Pamalo pake anaikapo Cullinan wachitatu, wachinayi ndi wachisanu. Kaya anaona kuti a ku Africa sakwiya msanga.

Panja tagula tiyi n'kukhala moyang'ana Tower Bridge. Mwana wanga wati iye sakuona vuto lalikulu: apa mwala ukusamalidwa, ndipo anthu mamiliyoni amauona chaka chilichonse. Ndamufunsa kuti anthu ake ati. Kuti ine ndiime pa lamba uja masekondi ochepa aja, ndinadzaza mafomu a viza, kupereka masitetimenti a ku banki, kalata ya ku yunivesite yake, zala zonse khumi, ndi ndalama yosabwezedwa akakukana. A ku South Africa nawonso amafunika viza yomweyo. Bambo aja anatiyendetsa pa dzenje, atagwira ntchito pansi pake mpaka imvi, amafotokoza za ndodoyi tsiku lililonse akuloza chithunzi.

Mwana sanatsutse, koma wati alamu nawonso sananame: ukabwerera, ndani angalonjeze kuti wa ku Refilwe adzauona? Ndilibe yankho lomukhutiritsa. Ndangoti kusadalira akuluakulu a kwanu ndi mlandu wina, wokamba eni ake pabwalo lawo, ndipo sikusandutsa voti ya mu 1907 kukhala yachilungamo.

Mnyamata uja watumiza kale mauthenga pa WhatsApp kufuna chithunzi. Ndamuuza kuti kujambula n'koletsedwa, ndamugulira positikhadi. Wayankha kuti ndisawawonjezere ndalama anthu amenewa. Mawa ndi tsiku la digiri, ndipo suti yanga yatuluka m'sutikesi ikununkha usipa. Mwana waipachika pawindo, akuti ikapanda kusintha pofika m'mawa ndikhala kumbuyo kwa holo.